720,720: mafunso ndi mayankho pa nambala yosasiya zotsala

Anandiyambitsa nkhaniyi ndi mayi wina, msungichuma wa banki mkhonde cha ku Ngabu. Chaka chilichonse ikafika nthawi yogawana ndalama za zindapusa, zomwe gulu lawo limagawana mofanana, pamatsala timakobili tosagawika, ndipo timakobilito ndi tomwe timayambitsa mapokoso. Tsiku lina anandiimitsa panjira nkundifunsa kuti, "Aphunzitsi, kodi palibe ndalama yoti kaya tikhalepo 9, kaya 12, kaya 14, aliyense alandire zofanana osatsala kanthu?" Ndinawauza kuti ilipo, ndipo ndi K720,720. Anaseka nkunena kuti zindapusa zawo sizidzafika pamenepo. Koma ine funso lija ndinapita nalo m'kalasi, ana nkuwonjezerapo awo, ndipo ambiri mwa mafunso ali m'munsimu anachokera kumeneko.

Kodi nambalayi tingaitchule bwanji m'Chichewa?

Zikwi mazana asanu ndi awiri mphambu makumi awiri, kudza mazana asanu ndi awiri mphambu makumi awiri. Mukamamaliza kutchula, wogula wapita kale. Kawerengedwe ka Chichewa kamayima pa zisanu nkuyambiranso, zisanu ndi chimodzi, zisanu ndi ziwiri, ndiye nambala ikakula mawu ake amatalika kwambiri. Anzathu olankhula Chisena zinawayendera bwinoko chifukwa ali ndi mawu amodziamodzi a 6, 7, 8 ndi 9: tanthatu, nomwe, sere, pfemba. Komabe pamsika wa Bangula kapena pa Dyeratu simudzamva munthu akutchula mtengo wa ng'ombe m'njira imeneyi. Aliyense amangotchula m'Chingerezi, ndipo ine sindiona cholakwa.

Mukafuna kuiona ndi maso, ndi mapepala 144 a K5,000, kuwonjezerapo K500, K200 ndi K20.

Chapadera nchiyani pa nambala imeneyi? Si pali ena aakulu kuposa apa?

Alipo osawerengeka, ndipo kukula kokha si nkhani. Chomwe ili nacho 720,720 nchakuti imagawika ndendende ndi nambala iliyonse kuyambira 1 mpaka 16, ndipo palibe nambala ina yocheperapo yomwe ingachite zimenezi. Tengani foni muyese. Anthu awiri alandira 360,360 aliyense, atatu 240,240, anayi 180,180, asanu 144,144. Akakhala 6 ndi 120,120, akakhala 7 ndi 102,960, akakhala 8 ndi 90,090, akakhala 9 ndi 80,080, akakhala 10 ndi 72,072. Kupitirira apo, 11 alandira 65,520, 12 alandira 60,060, 13 alandira 55,440, 14 alandira 51,480, 15 alandira 48,048, ndipo 16 alandira 45,045. Paliponsepo palibe tambala yotsala.

M'kalasi timati 720,720 ndi LCM ya manambala a 1 mpaka 16, kutanthauza nambala yochepetsetsa yomwe onsewo amaigawa ndendende. Ana ambiri amadziwa kupeza LCM ya 4 ndi 6 kuti ndi 12, koma saganiza kuti masamu omwewo angawakokere mpaka kuno.

Nanga gululo likakhala la anthu 17?

Mkangano wabwerera. Aliyense alandira K42,395 ndipo patsala K5 pa mphasa. Akakhala 19 patsala K12. Koma 18 ayenda bwino, aliyense K40,040, ndipo 20 nawonso alandira K36,036 aliyense. Choncho si kuti ikadutsa 16 yatheratu mphamvu ayi. Imangopunthwa pa manambala ena, ndipo chifukwa chake chili m'funso lotsatirali.

Chimapangitsa kuti 17 ikane pamene 18 ikulola nchiyani?

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndiye mundilole ndichedwepo.

Pali manambala omwe sagawika ndi nambala ina iliyonse kupatula 1 ndi iwo eni: 2, 3, 5, 7, 11, 13, 17, 19, 23 ndi ena otero. Amenewa ndi ma prime. Nambala ina iliyonse yoposa 1 imapezeka pochulukitsa ma prime, ndipo njira yake imakhala imodzi yokha. Ine ndimawauza ana kuti ma prime ndi njerwa, manambala enawo ndi nyumba. Mukagumula nyumba mupeza njerwa zomwe anamangira, osati zina.

Tiyeni tigumule 720,720. Gawani ndi 2 mupeza 360,360. Gawaninso, 180,180. Kachitatu, 90,090. Kachinayi, 45,045, ndipo apa 2 wakana chifukwa nambalayo ikuthera 5. Pitani kwa 3: mupeza 15,015, kenako 5,005, basi. Gawani ndi 5 mupeza 1,001. Ndi 7 mupeza 143. Ndi 11 mupeza 13, ndipo 13 ndi prime. Ndiye kuti

720,720 = 2 × 2 × 2 × 2 × 3 × 3 × 5 × 7 × 11 × 13

Njerwa zonse zilipo khumi: ma 2 anayi, ma 3 awiri, ndi 5, 7, 11, 13 mmodzimmodzi. Tsopano nambala ingagawe 720,720 pokhapokha ngati njerwa zake zonse zikupezeka pa muluwu. 18 ndi 2 × 3 × 3, zonse zilipo, ndiye ilola. 20 ndi 2 × 2 × 5, zilipo. 17 ndi njerwa payokha ndipo pa muluwu palibe, ndiye ikana. 25 imafuna ma 5 awiri pamene tili ndi mmodzi, nayonso ikana. 27 imafuna ma 3 atatu, ikana. 32 imafuna ma 2 asanu, ikananso. Mwana akamvetsa zimenezi safunikanso foni kuti adziwe yomwe ilole ndi yomwe ikane, amangoyang'ana pa mulu.

Bwanji osangochulukitsa 1 × 2 × 3 mpaka 16? Si yankho lake lingagawikenso ndi onsewo?

Lingagawike, koma mukhala mutanyamula katundu wosafunika. Kuchulukitsa koteroko kumapereka 20,922,789,888,000, nambala ya madijiti 14. Chomwe chachitika nchakuti mwagula njerwa imodzimodzi kambirimbiri. Mukakhala ndi ma 2 anayi okwanira 16, omwewo akwaniranso 8, 4 ndi 2. Ma 3 awiri a 9 akwaniranso 3, ndipo mukabwereka 2 mmodzi mwapeza 6. 12 safuna njerwa yatsopano, 14 ndi 15 chimodzimodzi. 720,720 ndi mulu wochepetsetsa womwe aliyense wa 1 mpaka 16 angatapepo zomwe akufuna. Chotsanipo njerwa imodzi iliyonse, wina mwa iwo alira. Mukachotsa 2 mmodzi mutsala ndi 360,360, yomwe imagwira 1 mpaka 15 koma 16 imamukana.

Ndamva kuti 720,720 ili ndi ma factor 240. Munawawerenga mmodzimmodzi?

Ayi, ndi kutentha kwa mwezi wa Novembala kuno ndani angakhalire zimenezo. Pali njira yachidule. Factor ndi nambala yomwe imagawa inzake popanda zotsala, ndipo taona kuti factor aliyense wa 720,720 amapangidwa potapa pa njerwa khumi zija. Ndiye funso ndi lakuti pali njira zingati zotapira.

Pa ma 2 mutha osatengapo, kapena kutenga mmodzi, awiri, atatu, kapena onse anayi. Ndi njira 5. Pa ma 3 pali njira 3: osatenga, mmodzi, awiri. Pa 5 pali njira 2, kutenga kapena kusiya, ndipo ndi chimodzimodzi pa 7, pa 11 ndi pa 13. Chulukitsani: 5 × 3 × 2 × 2 × 2 × 2 = 240. Mwachitsanzo, mukatapa ma 2 awiri, 3 mmodzi ndi 7, mwapanga 84, ndipo 720,720 ÷ 84 = 8,580. Mukasiya zonse mwapeza 1. Mukatenga zonse mwapeza 720,720 mwini wake.

Apa ana ambiri amalakwitsa pa chinthu chimodzi. Amaiwala njira ya "osatenga", nkuchulukitsa 4 × 2 × 1 × 1 × 1 × 1, nkupeza 8. Mukapeza yankho lotere dzifunseni nokha, popeza tawerenga kale ma factor 16 kumayambiriro kuja.

Kodi 240 ndi yambiri poyerekeza ndi manambala ena?

Ndi yambiri zedi. Tengani 1,000,000, yomwe aliyense amailota. Ndi ma 2 asanu ndi mmodzi ndi ma 5 asanu ndi mmodzi basi, ndiye ma factor ake ndi 7 × 7 = 49 okha. Anthu atatu sangagawane miliyoni mofanana, asanu ndi awiri sangathenso. Miliyoni imaoneka yaulemu chifukwa cha maziro, koma pogawana ndi youma manja.

Pa manambala onse osafika miliyoni palibe yomwe ili ndi ma factor oposa 240. Ilipo ina yofanana nayo, monga 831,600 ndi 997,920, koma yoyamba kufika pa 240 ndi 720,720. Nambala yotere, yomwe ili ndi ma factor ambiri kuposa nambala iliyonse yocheperapo, akatswiri amaitcha highly composite number. Mndandanda wake umayamba 1, 2, 4, 6, 12, 24, 36, 48, 60, 120, 180, 240, 360, 720, 840, ndipo 720,720 ndi ya nambala 38 pa mndandandawo. Yomwe ili kumbuyo kwake ndi 665,280 ya ma factor 224, ndipo yoti iipose muyenera kudikira mpaka 1,081,080 ya ma factor 256.

Tayang'ananinso mndandandawo. 12 ndi miyezi ya chaka komanso dazeni. 24 ndi maola a tsiku. 60 ndi mphindi za ola. 360 ndi madigiri a bwalo lozungulira. Anthu akale ankakonda manambala ogawika mosavuta pa chifukwa chomwecho chomwe chinkavutitsa mayi wa ku Ngabu uja.

Anayamba kufufuza manambala oterewa ndani?

Amene analemba za iwo mozama ndi Srinivasa Ramanujan wa ku India, mu 1915. Anabadwa mu 1887, masamu ambiri anadziphunzitsa yekha ali mu umphawi, ndipo atalembera kalata G. H. Hardy, katswiri wa masamu wa ku Cambridge, anaitanidwa ku England. Anamwalira mu 1920 ali ndi zaka 32 zokha. Ndimakonda kuwauza ana a ku sekondale za masana za iyeyu, makamaka aja amati masamu ndi a ana a m'tauni.

Koma chidwi chake nchakale kuposa apo. Plato wa ku Greece ananena kuti mzinda wabwino ukhale ndi mabanja 5,040, chifukwa nambalayo imagawika ndi 1 mpaka 10, ndiye kugawa minda, misonkho ndi ntchito sikuvuta. Ndipo 5,040 × 143 = 720,720. 143 ndi 11 × 13, njerwa ziwiri zomwe nambala ya Plato inalibe.

Nchifukwa chiyani 720 walembedwa kawiri? Zinangochitika?

Sizinangochitika. Nambala iliyonse ya madijiti atatu mukaichulukitsa ndi 1,001 imadzibwereza, chifukwa kuchulukitsa ndi 1,000 kumaikankhira kumanzere, ndipo 1 wotsalayo amailembanso kumanja. Ndiye 720 × 1,001 = 720,720. Tsono 1,001 ndi 7 × 11 × 13, pamene 720 ndi 1 × 2 × 3 × 4 × 5 × 6. Mbali imodzi yanyamula ma 2, ma 3 ndi 5, inayo yanyamula 7, 11 ndi 13. Nchifukwa chake mayankho ambiri m'mwambamu anali obwereza: 240,240, 144,144, 48,048. Pomwe tinagawa ndi 7, 11, 13 kapena 14 kubwerezako kunasowa, chifukwa tinagumula 1,001.

Pali masewero omwe ndimachita ndi ana a Fomu 1 tsiku loyamba. Ndimauza mmodzi alembe mobisa nambala iliyonse ya madijiti atatu, tinene 583, aibwereze ikhale 583,583. Apereke kwa mnzake agawe ndi 7. Winanso agawe yankholo ndi 11, wachitatu agawe ndi 13. Ndisanaone pepala ndimawauziratu kuti sipatsala kanthu ndipo womalizayo apeza nambala yomwe woyamba uja anabisa. Ikatuluka 583 kalasi yonse imakuwa, ndipo sipalephera wina wonena kuti aphunzitsi ali ndi zitsamba. Zitsamba zake ndi 1,001 basi. Kayeseni kunyumba madzulo, agogo akadabwe.

Ndinamva kuti manambala ena amatchedwa abundant. Iyi ili m'gulu limenelo?

Ili momwemo, ndipo yakhazikika. Agiriki akale ankatenga ma factor onse a nambala, kusiyapo mwini wake, nkuwaphatikiza. Zikakwana ndendende nambalayo ankaitcha perfect, monga 6 = 1 + 2 + 3 ndi 28 = 1 + 2 + 4 + 7 + 14. Zotsatira zake ndi 496 ndi 8,128, ndiye mutha kuona kusowa kwake. Zikaperewera ndi deficient, monga 10 yomwe imangopeza 1 + 2 + 5 = 8. Zikasefukira ndi abundant, ndipo yoyamba ndi 12, yomwe imapeza 16. Magulu atatuwa anawalongosola Nicomachus cha m'ma 100 AD.

Kuphatikiza ma factor 240 pamanja ndi chilango, koma njerwa zija zitithandizanso. Kwa ma 2: 1 + 2 + 4 + 8 + 16 = 31. Kwa ma 3: 1 + 3 + 9 = 13. Kwa enawo: 1 + 5 = 6, 1 + 7 = 8, 1 + 11 = 12, 1 + 13 = 14. Chulukitsani 31 × 13 × 6 × 8 × 12 × 14 mupeza 3,249,792. Chotsanipo 720,720 mwini wake patsala 2,529,072, kuposa katatu ndi theka kukula kwa nambalayo. Uku si kusefukira kwa mtsuko, ndi kwa Shire akakumana ndi Ruo pa Chiromo mwezi wa Januwale.

Ndi square number, nambala yopezeka pochulukitsa nambala ina ndi iyo yomwe?

Ayi. 848 × 848 = 719,104 ndipo 849 × 849 = 720,801, ndiye yagwera pakati, kuperewera 81 yokha kuti ifike pa yachiwiriyo. Ngakhale osachulukitsa mukanadziwa, chifukwa mu square number njerwa iliyonse imakhala ndi inzake, ziwiriziwiri, pamene kuno 5, 7, 11 ndi 13 ali okhaokha.

Taganizani za munda waukulu ngati wa nzimbe uja wa ku Nchalo, woti mubzalemo mapando 720,720 m'mizere yofanana kutalika. Mizere yokwana chimodzimodzi ndi mapando a mumzere sizitheka. Koma popeza ma factor 240 amayenda awiriawiri, pali njira 120 zoti musankhepo, kuyambira mzere umodzi wa mapando 720,720 mpaka womwe wayandikira kwambiri kufanana mbali zonse, mizere 840 ya mapando 858.

Ndingadziwe bwanji msanga kuti nambala igawika, ngati ndilibe foni?

Ikathera 0, 2, 4, 6 kapena 8 igawika ndi 2. Ikathera 0 kapena 5 igawika ndi 5. Madijiti awiri omaliza akagawika ndi 4, yonse igawika ndi 4, ndipo kuno ndi 20. Atatu omaliza akagawika ndi 8, yonse igawika ndi 8, ndipo 720 ÷ 8 = 90. Pa 3 ndi 9 phatikizani madijiti: 7 + 2 + 0 + 7 + 2 + 0 = 18, yomwe imagawika ndi onse awiri. Pa 7, 11 ndi 13 dulani nambala ya madijiti asanu ndi imodzi pakati nkuchotsera mbali ina ku inzake. Chotsalacho chikagawika, yonse igawika. Kuno 720 − 720 = 0, ndiye onse atatu alola nthawi imodzi.

Pali kenanso kakang'ono. 18 uja, yemwe tapeza pophatikiza madijiti, amagawanso 720,720 ndendende. Nambala yotere imatchedwa Harshad number, dzina lomwe anapereka D. R. Kaprekar, mphunzitsi wa sukulu wa ku India. Kunena zoona gulu limeneli si lozama ngati enawo, chifukwa limadalira kalembedwe kathu ka makumimakumi osati njerwa za nambalayo.

Pafupi ndi 720,720 pali ma prime?

Kutsogolo kwake kuli chilala cha ma prime, ndipo chifukwa chake nchosangalatsa. Onjezerani 2, mupeza 720,722, yomwe igawika ndi 2 popeza zonse ziwiri zomwe mwaphatikizazo zimagawika ndi 2. Onjezerani 3, yankho ligawika ndi 3. Onjezerani 7, ligawika ndi 7. Zimapitirira choncho mpaka 16. Ndiye kuyambira 720,722 mpaka 720,736, manambala 15 ondondozana, palibe prime ngakhale mmodzi, ndipo tadziwa zimenezi osayesa kugawa iliyonse.

Njira yomweyi ingakupatseni chilala chotalika mmene mungafunire, bola muyambire pa nambala yokulirapo. Komabe ma prime satha. Euclid, katswiri wa masamu wa Chigiriki, anatsimikiza zimenezi cha m'ma 300 BC, ndipo umboni wake ndi wachibale wa zomwe tachitazi. Mukachulukitsa ma prime onse omwe muli nawo nkuwonjezera 1, nambala yatsopanoyo siigawika ndi aliyense wa iwo, ndiye payenera kukhala prime wina yemwe simunamuwerenge. Chimodzimodzi 720,721 siingagawike ndi 2, 3, 5, 7, 11 kapena 13, chifukwa paliponse patsala 1.

Ikakhala nthawi ndi yaitali bwanji?

Masekondi 720,720 ndi masiku 8, maola 8 ndi mphindi 12. Mphindi 720,720 ndi maola 12,012, omwe ndi masiku 500 ndi theka. Masiku 720,720 ndi masabata 102,960 ndendende, zaka zoposa 1,970.

Kompyuta imailemba bwanji?

Kompyuta imawerenga ndi 0 ndi 1 basi, ndiye imalemba 10101111111101010000, madijiti 20. Maziro anayi akumapetowo ndi ma 2 anayi aja. Mmene ziro mmodzi kumapeto kwa 720,720 amatiuzira kuti igawika ndi 10, maziro anayiwa akutiuza kuti igawika ndi 16.

Ndiye kuti ndi nambala ya mwayi? Ndingaigwiritse ntchito pobetcha?

Ayi, achimwene. Funso ili anandifunsa mnyamata wa kabaza ku Nsanje boma ndipo yankho silinasinthe. Kugawika bwino sikukhudzana ndi mpira wa Loweruka. Sungani ndalama yanu.

Zimenezi zimabwera pa mayeso?

720,720 yeniyeniyo musaiyembekezere. Koma kugumula nambala kukhala ma prime, kupeza LCM ndi HCF (factor wamkulu kwambiri wopezeka m'manambala onse omwe mwapatsidwa), ndi kuphatikiza ma fraction ndi zinthu zomwe mwana wa sekondale sangazithawe. Mukamaphatikiza 1/4 ndi 1/6 nkufunafuna 12 woti akhale pansi, mukuchita ntchito yomweyi pang'ono chabe. Wina atakupatsani 1/1 + 1/2 + 1/3 mpaka 1/16, nambala yochepetsetsa yoti onsewo akhalepo pansi limodzi ndi 720,720.

Nanga gulu la mayi aja likakula kufika anthu 20, ndalama yake ikhala zingati?

Pafunika kugula njerwa ziwiri zatsopano. Kuti 17 alowe, chulukitsani 720,720 ndi 17, mupeza 12,252,240, ndipo imeneyi yakwanira kale 18. Kuti 19 alowe chulukitsaninso ndi 19, mupeza 232,792,560, yomwe yakwaniranso 20, 21 ndi 22 popanda kuwonjezera kanthu, chifukwa 21 ndi 3 × 7 ndipo 22 ndi 2 × 11. Wokana woyamba tsopano ndi 23. Nditawauza mayi aja kuti gulu la anthu 20 lifunika K232,792,560, anati kuli bwino K5 yotsala ija azingogulira mchere.